Zidole za ana zikufuna sopo, madzi ndi dzuwa

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo maganizo anga pa katsukidwe ka zidole ndi zoseweretsa za ana, popeza makolo ambiri amene akufuna kuteteza ana awo komanso chilengedwe akusokonezeka ndi malangizo otsutsana. Ena akugula mankhwala opopera olembedwa kuti amapha majeremusi onse, pomwe ena asiya sopo n'kuyamba kudalira viniga ndi soda. Ine ndikuona kuti onsewa akusiya njira yabwino imene ili kale m'manja mwawo.

Chilichonse chimene mwana wokwawa wagwira chimathera m'kamwa, choncho mankhwala otsalira pa chidole amawameza pamodzi ndi malovu. Sopo wamba ndi madzi ofunda sasiya vuto limeneli ngati chidolecho chatsukuluzidwa bwino, chifukwa sopo amamasula mafuta ndi litsiro limene majeremusi amakakamirako, ndipo madzi amakokolola zonsezo. Mswachi wakale umafika m'makona mmene nsalu siingafike. M'chaka cha 2016, bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku United States, linaletsa triclosan ndi mankhwala ena 18 ophera majeremusi mu sopo wosambira wogulitsidwa kwa anthu wamba, chifukwa opanga analephera kusonyeza kuti sopo woteroyo amaposa sopo wamba. Tisaiwalenso kuti mankhwala otere akatsika ndi madzi otsukira amakathera m'nthaka ndi m'mitsinje.

Viniga ali ndi ntchito yake, koma tamukweza mopitirira muyeso. Asidi amene ali mwa iye ndi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, ndipo amathandiza kuchotsa fungo ndi zotsalira za sopo, koma sitingamudalire kuti aphe tizilombo tonse toyambitsa matenda. Kusakaniza viniga ndi soda kumatulutsa thovu losangalatsa m'maso, koma awiriwa amathetsana mphamvu, kotero kuti chotsala m'beseni n'chosasiyana kwenikweni ndi madzi amchere. Choopsa zedi ndi kuthira viniga mu jiki, chifukwa kumatulutsa mpweya wa klorini umene umawononga mapapo.

Chimene chimanyalanyazidwa kwambiri ndi kuyanika, ndipo apa ndi pamene ndikufuna makolo anzanga aikepo mtima. Chidole chotsukidwa bwino koma chosungidwa chisanaume chimachita chuku m'masiku ochepa. Taonani tizidole ta mphira timene ana amasewera nato posamba, tija tokhala ndi kabowo kunsi. Madzi osambira amalowamo n'kukhalamo, ndipo mwana akakafinya, madzi omwewo amamuthovokera kumaso. M'chaka cha 2018, akatswiri a ku bungwe lofufuza za madzi la Eawag ndi yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland, mogwirizana ndi anzawo a ku University of Illinois, anang'amba tizidole totere n'kupeza mabakiteriya ofika 75 miliyoni pa kamalo kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Palibe mankhwala opopera kunja amene angafike mkatimo. Chofunika ndi kufinya madzi onse mwana akatha kusamba, kuyanika kachidoleko pamalo opita mphepo, ndipo ngati mkati mwada kale, ndi bwino kukataya. Pogula china, kusankha chopanda kabowo kumachotseratu vutoli.

Zidole za nsalu ndi zaubweya zimasunga fumbi komanso tinthata tosaoneka ndi maso timene timavutitsa ana odwala mphumu. Tinthata timeneti timafa m'madzi otentha kufika madigiri 60, ngati nsaluyo ingapirire kutentha kotero, ndipo pambuyo pake chidolecho chiyanikidwe padzuwa mpaka thonje la mkati litauma, chifukwa kunja kumauma msanga n'kutinamiza. Zoseweretsa zamatabwa siziyenera kuviikidwa, popeza thabwa limafufuma, kung'aluka ndi kusupula penti. Nsalu yonyowa pang'ono yokhala ndi sopo ndi yokwanira. Zoyendera mabatire zipukutidwe mabatirewo atachotsedwa. Tinsalu tonyowa togulitsidwa m'mapaketi sindimatikonda pa ntchito imeneyi, chifukwa tambiri tili ndi pulasitiki ndipo timatseka mapaipi, pomwe kansalu kamodzi kangachapidwe n'kugwiranso ntchito kwa miyezi yambiri.

Sindikunena kuti mankhwala amphamvu alibe malo ake. Mwana akadwala matenda otsekula m'mimba kapena kusanza, makamaka pamene ana angapo akusewera ndi zidole zomwezo, zoseweretsa zolimba zitsukidwe kaye ndi sopo, kenako ziviikidwe m'madzi othira klorini motsatira muyeso wolembedwa pa botolo, zitsukuluzidwe ndi madzi oyera, ndipo ziume zisanabwerere m'manja mwa mwana.

Ine wanu,
Kholo la ana atatu