Kwa a galaja amene munagwira Land Rover yanga, ndatopa ndi "bwerani mawa"

Bwana, ndalemba pano poyera chifukwa foni mwasiya kuyankha, pa WhatsApp mumawerenga koma zii kuyambira Lachiwiri. Dzina la galaja yanu sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Ndinakubweretserani Land Rover Series III 109 ya 1978, ya malemu bambo anga, galimoto yoti ndi yaikulu kwa anyamata onse a m'galaja mwanumo. Zimenezi anasiya kupanga mu 1985, ndiye masipeya ake sumangotola pa msika wa Ndirande ngati a Corolla ayi, ndipo munanena nokha kuti muitanitsa ku Joni. Tinagwirizana kuti mumasula ekiselo yonse ya kutsogolo, muika ma swivel ball awiri atsopano (mipira ya chitsulo yomwe matayala a kutsogolo amakhoterapo), ma seal onse, mabering'i, Railko bush, ma brake shoes ndi ma wheel cylinder anayi, poti 109 kutsogolo imakhala ndi awiri mbali iliyonse. Munati masabata awiri. Inakhala miyezi iwiri, ine osadandaula, ndalama ndinapereka yonse ndipo malisiti ndasunga.

Loweruka lapitali ndinanyamuka ndi akazi anga ndi ana kupita ku Chikwawa kukaona mayi. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa kuti ukayamba kutsetsereka kulowera ku Thabwa ndi makona okhaokha, si malo oyeserapo mabuleki. Ndaponda koyamba, pedulo yangolowa mpaka pansi, ndapopa kachiwiri ndiye yagwira koma galimoto yonse yakokera kumanja, kumanja komwe kumabwera thiraki yochokera ku Nchalo. Abale inu. Ndinatsika phiri lonse lija pa giya 2 manja ali thukuta lokhalokha, mayi a kunyumba akungoti Yesu Yesu, ana kumbuyo akuseka poganiza kuti ndi masewera.

Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinaikweza pa jeke kwathu ku Chilomoni nkuchotsa dilamu ya kumanzere. Ma shoes atsopano aja, inde amenewo munagula sindikukana, anali nyowee ndi oilo wa magiya wa EP90, fungo lake lija losasowa. Nanga buleki ingagwire bwanji pa oilo, nchifukwa chake imakokera mbali inayo. Hub seal ndi yakale yomwe ija, youma gwa, ndipo kachitsulo ka pa stub axle komwe seal imayendapo kali ndi mzere woti chikhadabo chimakodwa. Swivel ball nayo ndi yomwe ija ya bambo, ya timaenje ta dzimbiri, mwangoipala ndi sandipepa nkupaka penti ya siliva. Penti bwana? Pamalo poti pamafunika chrome yosalala kuti seal isadyeke? Ndinakanda ndi kiyi wa geti penti nkumachoka. Ndipo chomwe chinandiumitsa thupi ndi lock washer ya pakati pa manati awiri a bering'i, simunaipinde nkomwe, ndiye kuti nati ikanamasuka tayala likanatitsogolera lokha ku Thabwa.

Ndagwira tayala pamwamba ndi pansi kuligwedeza, likuchita khokhokho. Ma shim a swivel munayeza ndi sikelo ya sipuling'i kapena munangoti zili bho? Za pedulo yolowa mpaka pansi ija, mabuleki a 109 amavuta kuchotsa mpweya, aliyense amene anagwirapo amadziwa, koma ndiye ntchito yomwe ndinalipirayo.

Nditabwera Lolemba mnyamata wanu anandiyankha kuti "madala, zakalezi zimadontha basi". Zoona zimadontha, pabwalo pa kwathu pali madontho a oilo kuyambira ndili ku pulayimale ndipo sitinakwiyepo nazo. Koma kudonthera pansi ndi kudonthera m'dilamu ya buleki ndi nkhani ziwiri, muuzeni mwanayo asadzayankhenso munthu choncho. Inuyo akuti munali mutapita ku Limbe, chonsecho galimoto yanu ili phee kuseri kwa kontena.

Zomwe ndikufuna sizambiri. Mutumize breakdown idzatenge galimotoyi pa ndalama zanu, ine sindiyendetsanso ili chonchi. Mundionetse ma swivel ball atsopano ali m'bokosi mwake musanawamange, musinthe ma seal ndi ma shoes poti onyowa ndi oilo sachapika, ndipo pomanga ine ndikhala pompo pa benchi mpaka muthe. Zochotsedwa zonse mundipatse m'manja. Ngati simungathe ingonenani, bwezani ndalama ya masipeya omwe simunagule ndikapeze makaniko wina, COF, pepala loti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ikutha mwezi wamawa ndipo ku Road Traffic singadutse ndi mabuleki otere.

Ndikudikira mpaka Lachisanu 12 koloko. Kupitirira apo malisiti ndi zithunzi za penti ija ndikukasiya ku CFTC, bungwe loona madandaulo a ogula. Komanso wilo sipanala yomwe inali kuseri kwa mpando sindikuiona, inali ya bambo imeneyo, ibwere limodzi.