Olemba ntchito aziwayankha anthu amene awaitana ku intavyu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa momwe makampani ndi mabungwe ambiri akulembera anthu ntchito masiku ano, makamaka pa mtolo umene amamusenzetsa munthu wofunsira ntchito, amene kawirikawiri amakhala wachinyamata woti m'thumba mulibe kanthu. Ine ndili ndi kashopu kolemba makalata pa kompyuta ndi kupanga fotokope kuno ku Mzuzu, choncho ntchito ikangolengezedwa, kaya m'nyuzipepala kapena pa WhatsApp, ife timadziwa msanga chifukwa m'mawa mwake pakhomo pamadzaza anyamata ndi atsikana atanyamula maenvelopu a khaki.

Mu envelopumo mumafunika kalata yofunsira ntchito, CV, fotokope ya satifiketi ya MSCE, ya dipuloma kapena digiri ndi ya chiphaso cha unzika. Mabwana ena amalamula kuti mapepala onsewa adindidwe kwa loya kapena kukhoti, enanso amafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthuyo sanapalamulepo mlandu. Chilichonse mwa izi ndi ndalama. Ndinaonapo mtsikana wina wa ku Mchengautuwa, wa digiri yake, akuwerenga makobidi patebulo panga, kenako n'kubweza mapepala awiri m'chikwama kuti ndalama yotumizira kalatayo ikwane. Fotokope ndiyo imandidyetsa, komabe sindiona chifukwa chimene anthu mazanamazana alipirire chidindo ndi kalata ya kupolisi pa ntchito imene adzalembedwe munthu mmodzi. Mapepala oterewa angathe kufunsidwa kwa anthu ochepa amene afika pa ndime yomaliza.

Vuto lalikulu kwa ife akumpoto ndi malo ochitira intavyu. Makampani ambiri malikulu awo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo zimachitika kuti ntchito ndi ya ku Mzuzu kapena ku Karonga koma ofunsira onse aitanidwa kulikulu. Foni imabwera Lachitatu madzulo kuti munthu akapezeke ku ofesi Lachisanu 8 koloko m'mawa, osatchula ngati ndalama yoyendera idzabwezedwe. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, ku Blantyre ndiye kutalinso kwambiri, ndipo wochokera ku Chitipa kapena ku Nthalire ayenera kugona m'njira. Banja limagulitsa thumba la chimanga, ena amatenga katapila, mwana uja n'kukwera basi ya usiku atapinda bwino shati yake yoyera m'jumbo kuti isade. Akafika amakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, alowa mphindi 10, n'kumuuza kuti azipita, amuimbira.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa, chifukwa foni ija nthawi zambiri sibwera. Padutsa sabata, padutsa mwezi, kuli zii. Munthu amene akudikira yankho moyo wake umaima: amakana ganyu poopa kuti angamuitane ali kutali, amazengereza kupita kumudzi kukathandiza makolo kubzala, foni saisiya ngakhale popita kubafa, ndipo nambala iliyonse yachilendo ikaimba mtima umagunda. Pamapeto pake amamva kwa anzake kuti pampando paja panakhala kale munthu. Ndikudziwa kuti ofesi yolemba anthu ntchito imalandira makalata ochuluka ndipo singathe kuyankha aliyense, n'chifukwa chake zilengezo zambiri zimanenera limodzi kuti adzauzidwa okhawo amene asankhidwa. Zimenezo n'zomveka. Koma anthu oitanidwa ku intavyu amakhala owerengeka, mayina ndi manambala awo ali papepala limodzi, ndipo kuwatumizira uthenga wa pafoni wowathokoza ndi kuwauza kuti ulendo uno sanachite mwayi si ntchito yotenga ola lathunthu. Munthu amene anawononga ndalama ya banja lake chifukwa chakuti inu munamuitana ayenera kuyankhidwa, ngakhale yankholo likhale lowawa.

Olemba ntchito mwina saona kuti kukhala chete kumeneku kumawaonongera okha mbiri. Pamene palibe kufotokoza, anthu amadzipezera okha yankho, ndipo yankho limene ndimamva tsiku ndi tsiku m'kashopu kanga ndi lakuti kulengeza kuja kunali kungophimba anthu m'maso, mabwana anali kale ndi munthu wawo. Nthawi zina zimakhala zoona, nthawi zina ayi, koma achinyamata akakhulupirira kuti ntchito imapezeka podziwana kapena popereka kangachepe, akuba amapezerapo mpata. Amaimba foni akudzitcha akuluakulu a kampani yakutiyakuti, n'kunena kuti dzina lanu ladutsa koma mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti fayilo yanu iyende. Anthu amatumiza, osati chifukwa cha kupusa, koma chifukwa sanaonepo njira yoongoka ikuwapindulira. Kampani iliyonse ikanamalemba pa chilengezo chake kuti silandira ndalama kwa ofunsira ntchito, n'kutchulanso tsiku limene zotsatira zidzatuluke, akubawa akanasowa polowera.

Anthu a mumzinda uno sanaiwale zimene zinachitika m'chaka cha 2020 pa sukulu ya sekondale ya Katoto, pomwe khamu la achinyamata linakhamukira ku intavyu ya ntchito za umoyo yongofikira, anthu n'kupondana pachipata mpaka ambiri kuvulala ndi kutengeredwa kuchipatala. Tsiku limenelo linationetsa kukula kwa ulova, komanso linationetsa kuti kaitanidwe ka anthu ku intavyu ndi nkhani yofunika kuikonzekera mwanzeru. Wolemba ntchito ndiye ali ndi mphamvu zonse pa nthawi imeneyi, ndipo wofunsira amavomera chilichonse chifukwa alibe pothawira.

Malamulo alipo, kungoti ambiri sawadziwa. Gawo 5 la lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa tsankho ngakhale kwa munthu amene akungofunsira ntchito, kaya chifukwa cha mtundu, chiyankhulo, chipembedzo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, ngakhalenso kukhala pabanja. Komabe atsikana amabwerako ku intavyu akunena kuti anafunsidwa ngati ali pabanja ndiponso kuti akuganiza zobereka liti, mafunso amene mnyamata safunsidwa. Ena amaitanidwa kuti akakumane ndi bwana madzulo kumalo ogona alendo kuti akamalize zokambirana, khalidwe limene lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la chaka cha 2013 limaletsa. Lamulo lomwe lija la 2000 limanenanso kuti nthawi yoyeserera ntchito kwa munthu waluso isapitirire miyezi 12, ndipo wolembedwa ntchito apatsidwe chikalata chofotokoza malipiro ndi mfundo za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. Amene walembedwa kale ntchito akalakwiridwa angathe kudandaula ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti loona milandu ya zantchito, limene lilinso ndi nthambi kuno ku Mzuzu. Koma amene anangoitanidwa pafoni n'kusiyidwa m'malere alibe ngakhale kapepala koti akaonetse.

N'chifukwa chake ndikupempha bungwe la olemba anthu ntchito la ECAM pamodzi ndi unduna wa zantchito kuti agwirizane pa ndondomeko imene makampani onse azitsata. Ngati ntchito ndi ya chigawo cha kumpoto, intavyu ichitikire ku Mzuzu, poti n'kwapafupi kuti mabwana atatu abwere kuno kusiyana n'kuti achinyamata 15 apite ku Blantyre ndi ndalama zangongole. Ngati zimenezo sizitheka, ndime yoyamba ichitike pafoni kapena pa intaneti, ndipo woitanidwa kulikulu auzidwe kudakali masiku komanso abwezeredwe ndalama yoyendera. Chilengezo chizitchulanso malipiro, kuti munthu asayende mtunda wonsewo n'kukamva kuti ndalama yake singakwane ngakhale lendi ya chipinda chimodzi ku Chibavi. Makampani ena ndi mabungwe ena amachita kale zimenezi ndipo sanagwe nazo mphwayi, choncho enawo sanganene kuti n'zosatheka. Koposa zonse, aliyense amene anakhala pamaso pa ofunsa mafunso alandire yankho pasanathe masabata awiri, ndipo tsikulo alonjezedwe asanatuluke m'chipindamo.

Nzika yokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu