Ndalama za basale zizifika sukulu zisanatsegulidwe

A Mkonzi,

Aphungu athu ku Nyumba ya Malamulo asamangokambirana kuchuluka kwa ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu), akambirane nthawi imene ndalamazo zimafikira mwana wosauka. Mu 2022 boma la Zambia lidayambitsa maphunziro aulere, lidakwezanso CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Izi n'zoyamikika. Koma mwana wa ku Vubwi kapena Chadiza amene wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko amafunikabe ndalama ya chakudya ndi malo ogona.

Basale, thandizo lochokera ku CDF, ndiyo imalipirira ana osauka zimenezi. Fomu yake imayambira ku komiti ya wadi, ipite ku komiti ya CDF, kenaka khonsolo ndiyo ilipire. Pakachedwa siginecha imodzi, Januwale amadutsa. Apo n'kuti mvula ili mkati, m'nkhokwe mulibe kanthu, kholo lilibe chogulitsa. Mwana amatsala kumunda kupalira, ndipo mtsikana ndiye amayamba kufunsiridwa banja.

Aphungu akhazikitse lamulo: mayina a opatsidwa basale azimatidwa pa sukulu ndi pa ofesi ya wadi zotsatira za mayeso zikangotuluka, ndipo khonsolo izilipira temu yoyamba isanayambe. Mwana amene dzina lake latuluka asabwezedwe pa geti.

Wowerenga wanu,
Chipata