Urea alowe m'munda lisanafike tsiku la Chilembwe

Johannesburg, 4 Januwale

Amayi,

Chaka tachiona, tithokoze Mulungu. Kuno ndadzuka bwino, kaya inu ndi miyendo ija. Mupereke moni kwa amalume, alamu ndi ana onse. Ndilowe m'nkhani, pakuti mtima wanga suli m'malo.

Pa 14 Disembala ndinatumiza R3,200 pa Mukuru ndipo ndinanena momveka: thumba limodzi la Urea, fizi ya mtsikana wa Fomu 3, yotsalayo mpunga ndi nkhuku za pa Khirisimasi ndi Nyuwere. Dzulo achemwali a ku Area 25 andiuza pafoni kuti m'nyumbamo mulibe thumba la feteleza. Akuti ina inapita kwa bambo wina wosambitsa anthu mankhwala a mwayi, ina inalowa mu envelopu usiku wa mapemphero olowera chaka, ati kufesa mbewu, ndipo ina mng'ono wangayo anabetchera mpira. Sindinagamule mlandu, ndikufunsa. Ngati achemwali anamva molakwa, mujambule thumbalo ndi lisiti lake, munditumizire pa WhatsApp lero lomwe.

Kupemphera usiku wa pa 31 sindikuletsa, ndipo chopereka ndi cha mwini mtima. Koma munthu amapereka zake. Ndalama ija inali kale ndi dzina, inali ya munda wa kumtunda.

Iwe mng'ono wanga, werenga apa kawiri. Munadzala pa 18 Disembala, chimanga chinamera cha m'ma 24. Urea amafunika pakatha masiku 21 chimerereni, ndiye kuti pofika pa 15, tsiku la Chilembwe, akhale ali m'nthaka. Ukachedwa mpaka chimanga chifike m'chiuno, masamba apansi ayamba chikasu kuchokera kunsonga, phesi lionda, ndipo ngakhale uthire matumba awiri pambuyo pake chisononkho sichidzabwezanso. Mlingo wa alangizi ndi matumba awiri a NPK ndi atatu a Urea pa hekitala. Wathu uja ndi ekala imodzi, sukwana ngakhale theka la hekitala, choncho thumba limodzi likwanira bola usamwaze ngati ukudyetsa nkhuku.

Uyambe wapalira. Feteleza wothira m'tchire amanenepetsa udzu. Kenako tenga kamtengo, uboole dzenje pakati pa mapando, kutalikira ngati chikhatho kuchokera paphesi, kuya ngati chala chamkombaphala. Thira kachitsekerero kamodzi ka botolo la Fanta, ukwirire pomwepo ndi phazi. Urea wosakwirira amauluka ndi dzuwa, wogunda phesi amawotcha mbewu. Usathire nthaka ili gwa, usathirenso madzi ali chiimire m'makwawa. Dikira mvula igwe usiku, m'mawa dothi lili lonyowa bwino, ndiye ulowe. Ana awiri aziboola kutsogolo, iwe uzithira, amayi asagwire khasu. Masiku awiri ntchito yatha.

Nthawi iliyonse ukamagula feteleza upite kusitolo yodziwika ya zipangizo zaulimi ku Mitundu kapena m'tauni, osati kwa opima pa mbale. Uone kuti msoko wa thumba ndi umodzi, wosasokedwa kachiwiri, ndipo thumba likwere pa sikelo, likwane makilogalamu 50. Urea weniweni ndi woyera, timibulu tofanana. Tapa pang'ono uike m'kapu ya madzi: asungunuke yense ndipo kapuyo izizire. Pakatsala mchenga pansi, bweza.

Za fizi, teremu yachiwiri ikutsegulidwa. Mtsikanayo asakhale pakhomo ngakhale tsiku limodzi. Ngati ndalama yake inadyedwanso mundiuze ine, osapita kwa akatapila.

Amayi, paja chaka chatha munati mbali ya kuchulu ija anthu anatikawa, n'chifukwa chake chimanga chinapinimbira. Ndikuganiza kuti n'zomwe zakutengerani kwa bambo wa mankhwalayo. Mbali imeneyo muli kaufiti. Dzina lokhalo ndilo la ufiti, koma ndi chomera ngati zina. Mizu yake imakakamira ku mizu ya chimanga n'kumayamwa chakudya chisanatulukire n'komwe pamtunda, ndipo pamene mukuona timaluwa tofiira tija chimanga chapweteka kale. Amakonda nthaka yoguga imene yadzalidwa chimanga chaka ndi chaka. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zimakhala m'dothi zaka zambiri. Mankhwala ake ndi kumuzula asanachite maluwa, kukamuwotchera kunja kwa munda, kuthira manyowa a m'khola, ndipo chaka chamawa mbali imeneyo tidzalemo soya kapena mtedza. Chithumwa chokwirira pangodya ya munda sichizula ngakhale tsinde limodzi.

Kuno nakonso za mwayi zilipo, musaganize kuti ndi kwathu kokha. Ku Hillbrow kunatchuka mwambo woponya mipando yakale, ngakhale mafiriji, kuchokera m'nyumba zosanja usiku wa Nyuwere, ati kutaya minyama ya chaka chakale, mpaka apolisi amachita kulondera misewu. Atchaina a m'masitolo chaka chawo chimayamba pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Amapatsa ana ndalama m'maenvelopu ofiira, ndipo tsiku loyambalo sasesa m'nyumba kuopa kusesa mwayi. Koma taonani, mu envelopumo amaikamo ndalama imene yatsala atalipira lendi ndi kuwoda katundu. Mpamba sakhudza. Ife tatenga mpamba weniweniwo.

Mwayi ulipo, sindikana. Mvula ikadula masabata atatu mu Januwale, waulesi ndi wakhama amalira limodzi. Koma mvula ikagwa bwino imapeza wina wapalira ndi kuthira, wina ali pa bawo, ndipo pokolola wa pa bawoyo ndiye amayamba kunena kuti mnzake ndi wokhwima. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Za kubetchazo, iwe, tenga cholembera. Tikiti ya magemu 10, ngakhale titati gemu iliyonse mwayi wolondola ndi theka, kuti onse 10 alowe ndi kamodzi pa maulendo 1,024. Ndipo mpira uli ndi zotsatira zitatu, pali kufanana mphamvu, ndiye n'zovuta kuposa pamenepo. Kuja umati "yandiphera timu imodzi yokha" si kuti unayandikira, masamu ake anapangidwa kuti uzimva choncho ubwerenso mawa. Foni ndinakugulira kuti uzinditumizira zithunzi za munda.

Musaiwale mbozi. Kuyambira pamene ntchemberezandonda zachilendo zija zinalowa m'dziko cha m'ma 2017, munda suyenera kugona masiku atatu osayenderedwa. Uziyang'ana mu mtima mwa chimanga m'mamawa. Ukaona masamba obooka timawindo ndi ndowe zonga utuchi, zalowa. Zikadali zazing'ono ziphe ndi manja, kapena thira phulusa losakaniza ndi mchenga mu mtimamo. Ena amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidye mbozizo. Zikachuluka ukafunse alangizi mankhwala oyenera, upopere m'mawa kwambiri kapena madzulo, molunjika mu mtima, chifukwa masana zimabisala mkati. Uvale chotseka pakamwa, ndipo mabotolo ake asafike kudambo kumene ana amasamba.

Ndamva kuti denga la khitchini likudontha. Lidikire. Mbuzi yaikazi ija isagulitsidwe, ili ndi bere.

Kuno ntchito za zomangamanga zimatseka pakati pa Disembala mpaka sabata yachiwiri ya Januwale, ndipo masiku amenewo salipidwa kwa ife aganyu. Malipiro ena ndi kumapeto kwa mwezi, pamene nthawi ya Urea idzakhala itadutsa. Choncho ndabwereka R1,500 kwa anzanga a m'chipereganyu. Sindituma kumudzi. Ipita kwa achemwali ku Area 25, iwo agula thumbalo, alikweza minibasi ya ku Mitundu Loweruka, ndipo amalume akalilandire pa siteji ndi njinga. Amayi musakhumudwe nazo, si kuti ndakuchotsani ulemu. Pakhomopo pali manja ambiri.

Chimanga cha m'nkhokwe muchiwerenge, mundiuze matumba atsala angati kufika Malichi. Mnyamatayo asapite kukapalira minda ya eni chifukwa cha ndowa ya chimanga pamene wathu uli m'tchire, ndi mmene njala imabwererera chaka chinacho. Chikaperewera ndidzaonapo pa malipiro a mwezi uno.

Ndalakalaka nkhwani wotendera ndi chimanga chowotcha cha kudimba. Pa Nyuwere tinaphika mpunga ndi nkhuku za m'firiji zopanda kukoma, ine maganizo ali pakhonde panupo.

Bambo wa mankhwalayo ngati analandiradi ndalama, amalume apite akaitenge, ngakhale theka. Ndiimba Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi, foni ikhale ndi moto ndipo mng'ono wangayo akhale pomwepo.

Ndine mwana wanu.