Foni yomweyi ikuyendetsa sitima kunyumba kwanga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa dandaulo la makolo anzanga loti foni zatilanda ana. Ine sindikuwatsutsa, chifukwa wanga wa zaka 12 ndinkachita kumutsomphola foni m'manja nsima itazizira kale. Ndingofuna ndifotokoze zomwe zachitika kunyumba kwanga kuno ku Joni.

Kwathu ndi ku Balaka, koma ndimakhala ku Rosettenville, ndipo ndimadya za mamota a mageti ndi mipanda yamagetsi. Chaka chatha anandiitana ku Edenvale kwa madala ena achizungu opuma pantchito, geti lawo litakana kutseguka. Pofunafuna soketi ndinalowa m'galaja mwawo. Galimoto munalibe. Munali chithebulo chodzaza chipinda chonse, pamwamba pake njanji, timapiri, timilatho, siteshoni, ndi ting'ombe tating'ono ngati nyemba. Madalawo anatulutsa foni m'thumba, n'kusuntha chala pagalasi. Kamutu ka sitima kanayatsa nyali, kanaimba huta, n'kunyamuka mwaulemu mabogi ali pambuyo. Ine amene ndinakula ndikuthamangira sitima yochokera ku Limbe, amayi akukweza nthochi m'mawindo, ndinangoti kakasi sipanala ili m'manja. Geti lija ndinalimaliza dzuwa litapendeka.

Sitima zimenezi amazitcha za HO, kutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 87, ndipo mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi mamilimita 16.5. Kale munthu ankayendetsa pochulukitsa kapena kuchepetsa magetsi a m'njanji, ndiye ukaika mitu iwiri pa njanji imodzi yonse inkathamangira limodzi n'kuimira limodzi. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa DCC, yomwe inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany ndipo bungwe la okonda tisitima totere la NMRA ku America linaivomereza m'zaka za m'ma 1990. Magetsi amakhala m'njanji nthawi zonse, ndipo malamulo amadutsa m'magetsi momwemo. M'mutu uliwonse muli kachipangizo kotchedwa decoder, kokhala ndi nambala yakeyake, ndipo kamangomvera lamulo lotchula nambala yake, ngati mwana pa kaundula wa m'kalasi. Foni imatumiza lamulo pa WiFi kupita ku kabokosi, kabokosiko n'kuliponya m'njanji.

Madala aja ataona kuti mafunso anga sakutha, anandipatsa katoni ya njanji zakale ndi mutu umodzi wa kampani ya Lima wopakidwa ngati sitima za kuno. Kabokosi kogula m'sitolo mtengo wake unandibweza, poti ndi lendi ya mwezi wathunthu n'kupitirira. Koma pali anthu ena amene anapanga pulogalamu yaulere yotchedwa DCC-EX, yomwe umailowetsa m'kabolodi ka kompyuta kotchedwa Arduino Mega, n'kuvundikirapo kabolodi koyendetsa mota ndi kena ka WiFi. Pafoni ya Android umaikapo pulogalamu ya Engine Driver, nayonso yaulere. A iPhone ali ndi WiThrottle. Ndipo apa pamvetseke bwino, chifukwa mlamu wanga anandifunsa kaye za bandulo: kuyendetsa sitimayi sikudya data ngakhale pang'ono. Foni ikungolankhula ndi kabokosi kali m'chipinda momwemo, intaneti siikukhudzidwa. Ngakhale foni yosweka galasi, yopanda simu, imagwira ntchitoyo.

Mawu oti palibe mawaya asakunamizeni. Mawaya asowa pakati pa foni ndi kabokosi pokha. Kunsi kwa thebulo kuli mawaya ngati chisa cha atimba, ndipo amene amalowa kumeneko ndi tochi pakamwa ndi mwana wanga uja, poti msana wanga unakana. Decoder yoyamba tinaiwotcha tokha. Mawaya ofiira ndi akuda amapita ku mawilo otola magetsi m'njanji, a olenji ndi otuwa amapita ku mota, ndipo motayo isakhudzane ndi njanji kwina kulikonse. Ife tinasiya kawaya kamodzi kakale. Titangoyatsa, kautsi kanati fuu, kafungo ka pulasitiki yopsa m'nyumba monse, mayi a kunyumba n'kutiwerengera kuti ndalama yapsayo ikanagula matumba angati a ufa. Yachiwiri anawotcherera ndi mwanayo, atayeza kaye ndi mita yanga katatu.

Tinaphunziranso kuti decoder iliyonse yatsopano imabwera ndi nambala 3. Titapeza mutu wachiwiri pa msika wa zakale sitinasinthe nambala, ndiye iye atakankha chala mitu yonse inanyamuka, wina kuchokera uku wina uko, n'kukumana pa mlatho. Tsiku lina ndikuyendetsa, achemwali anaimba pa WhatsApp kuchokera kumudzi. Ine kuyankha foni, kuyamba kufunsa za mvula ndi feteleza, osadziwa kuti kabokosi kamapitiriza kubwereza lamulo lomaliza mpaka utakauza zina. Sitima inafika pomwe njanji sitinamalize, n'kugwera pa simenti. Mwanayo anaitola osalankhula, kenako anati, "Adadi, woyendetsa sitima sayankha foni." Pambuyo pake ndi iye yemwe anapeza potchera kuti foni ikasiya kulankhula ndi kabokosi kwa masekondi angapo, sitima iziima yokha.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mwana ameneyu masamu ankawathawa ngati mkango. Loweruka lina ndinamupeza ndi pensulo, akuchulukitsa 16.5 ndi 87. Anapeza 1435, n'kundiuza kuti njanji yathuyi ndi ya Gautrain, sitima yothamanga ya pakati pa Joni ndi Pretoria, chifukwa ndi imene ili ndi mpata wa mamilimita 1435, pomwe njanji zina za kuno ku South Africa ndi zonse za kwathu ku Malawi ndi za mamilimita 1067. Anagawa 1067 ndi 87, napeza 12 ndi kanyenyeswa. Ndiye akuti tikafuna sitima ya ku Balaka yeniyeni tifunika njanji ya mamilimita 12, ndipo mutu wa Lima uja ukuyenda pa njanji yoikulira. Palibe mphunzitsi anamutuma zimenezi. Ine ndemwe, zaka zonsezi ndikukwera sitima, sindinkadziwa kuti njanji zimasiyana.

Sindinganene kuti ndi masewera a aliyense. Zinthuzi n'zodula, ndipo zambiri zimachokera kunja. Foninso siipukuta njanji: mwezi wa Ogasiti mphepo ikamaulutsa fumbi la milu ya m'migodi, sitima imayenda modukiza mpaka titapukuta njanji yonse ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Magetsi akathima timalumikiza batire ya mota ya geti ya mavoti 12, sitima n'kumayenda mofooka ngati yakwera chitunda. Huta tilibe, chifukwa decoder yokhala ndi mawu ndi ya olemera. Mwanayo amaimba ndi pakamwa.

Komabe ndikaganiza za anyamata a kwathu amene amapinda galimoto zamawaya zokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino, ndimaona kuti luso lilipo kale. Aphunzitsi a zamagetsi ku Soche, ku Nasawa kapena ku Lilongwe Technical College atakhala ndi thebulo limodzi lotere, ophunzira angagwire ndi manja mota, kuwotcherera, WiFi ndi pulogalamu pa chinthu chimodzi, ndipo akalakwitsa chopsa ndi kachipangizo, osati munthu.

Pempho langa ndi ili. Tikufuna kumanga siteshoni ya Balaka ndi makatoni, koma ine ndinachoka kalekale ndipo zina zandisokonekera m'mutu. Mwanayo akufunsa kuti nyumba ya siteshoniyo ili ndi mawindo angati, denga linapendekera kuti, ndipo pa Nkaya njanji yopita ku Nayuchi imapatuka motani. Ngati pali owerenga amene anagwirapo ntchito ku njanji, kapena ali ndi zithunzi zakale za malo amenewa, atithandize kudzera kwa inu a Mkonzi. Ngakhale atangoyeza kutalika kwa nyumbayo ndi mapazi, zogawa ndi 87 achita yekha.

Wokonza mageti,
Rosettenville, Johannesburg