Kalata kwa Mpingo: Magetsi Akathima Dera Lonse, Timvere Ndani?

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Ndakulemberani chifukwa cha mkangano umene unabuka titaweruka mapemphero masabata awiri apitawa. Gwero lake linali uthenga umene ukuzungulira m'mafoni mwathu, wonena kuti magetsi akathima dziko lonse, kapena maiko angapo nthawi imodzi, ndiye kuti pali dzanja la mdani, ndipo zimene maboma amanena pambuyo pake n'zongotiphimba m'maso. Ena munavomereza, ena munatsutsa, mawu anakwera, mpaka ndinaona abale awiri amene atumikira limodzi zaka zambiri akusiyana osatsanzikana. Zinandiwawa mumtima. Ndakhala pansi n'kuiwerenga bwino nkhaniyi, ndipo ndikufuna tiione pamodzi, popeza m'kati mwake muli funso la Chikhristu: kodi lilime lathu tiligwiritsa ntchito bwanji pamene sitikukhulupirira olamulira?

Tiyambe ndi mmene magetsi amayendera, chifukwa chikayiko chambiri chimabadwira pamenepa. Magetsi a m'nthambo sakhala ngati madzi a m'thanki oti adikire wowatunga. Amene akupangidwa ayenera kufanana ndi amene akugwiritsidwa ntchito, mphindi iliyonse, usana ndi usiku. Malo onse opangira magetsi olumikizidwa pamodzi amayenda mogwirizana, pa liwiro limodzi: magetsi amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi ku Ulaya ndi ku Africa, maulendo 60 ku North America. Nthambo imodzi yaikulu ikaduka kapena kuzimitsidwa, katundu wake amagwera zotsalazo. Nthambo yolemedwa imatentha, ikatentha imatamuka n'kulendewera, ikalendewera imakhudza mtengo, nayonso n'kuzima. Apo makina otetezera amayamba kudula okha, aliyense kupulumutsa chipangizo chake kuti chisapse, ndipo pa mphindi zochepa dera lonse lili mumdima. Kuyatsanso kumatenga maola ambiri chifukwa malo ochuluka opangira magetsi amafuna magetsi kuti ayambe kugwira ntchito, choncho amadzutsidwa pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo.

N'chifukwa chake chinthu chaching'ono chimatha kugwetsa chachikulu, ngakhale khutu limakana kumva zimenezo. Pa 28 September 2003 pafupifupi dziko lonse la Italy linathimiridwa magetsi, ndipo chiyambi chake chinali nthambo ya ku Switzerland imene inathetheka moto ndi mtengo. Mu June 2016 kampani yopanga magetsi ya KenGen ku Kenya inalengeza kuti pusi anagwera pa thiransifoma pa malo opangira magetsi a Gitaru n'kuthimitsa magetsi m'dziko. Anthu ambiri anati n'kunyozedwa kuuzidwa zotere. Koma nkhani yoti mtengo kapena kanyama kayambitsa ngozi, payokha si umboni wa bodza.

Ndikufuna ndikhalitse pa zimene zinachitika pa 14 August 2003 ku United States ndi Canada, pamene anthu pafupifupi 50 miliyoni anakhala opanda magetsi, chifukwa mbali zonse ziwiri za mkangano wathu zili ndi chotolapo. Tsiku lomwelo akuluakulu ena a boma la Canada ananena kuti mphenzi yagwera malo opangira magetsi kufupi ndi Niagara, ena anatchula malo a nyukiliya ku Pennsylvania, pamene akuluakulu ena ku New York analoza chala Canada. Zonsezi sizinali zoona. Amene anakayikira mawu oyambawo sanalakwe. Koma choonadi chitatuluka, mu lipoti la maiko awiriwo la April 2004, munalibe mdani wobisika. Ku Ohio, kampani ya FirstEnergy sinadule mitengo imene inakula pansi pa nthambo zake. Masana a tsikulo pulogalamu ya kompyuta yoliza machenjezo m'chipinda choyang'anira inaima, ndipo ogwira ntchito anakhala nthawi yoposa ola osadziwa kuti nthambo zawo zikuzima imodzi ndi imodzi. Anzawo a makampani oyandikana nawo ankaimba foni kuwauza kuti pali vuto, iwo n'kumayang'ana makina amene sakuwaonetsa choopsa chilichonse. Itangokwana 4 koloko madzulo, zinthu zinali zitafika posabwezeka.

Abale anga, taonani chimene chinabisala apa: ntchito imene inayenera kugwiridwa koma sinagwiridwe. Ine ndaona kuti nthawi zambiri chimene akuluakulu amachita nacho manyazi si chiwembu, ndi kunyalanyaza. Ndipo chondidetsa nkhawa n'chakuti tikamathamangira nkhani za adani osaoneka, timamasula amene anayenera kuyankha za mitengo yosadulidwa ndi makina osakonzedwa.

Ndiponso boma lenilenilo likhoza kugwiritsa ntchito nkhani ya mdani pobisa zofooka zake. Mu March 2019 magetsi atathima masiku angapo ku Venezuela, Pulezidenti Nicolás Maduro anati United States yawononga makina a damu la Guri. Akatswiri ambiri a zamagetsi a m'dzikomo anatsutsa, n'kuloza moto wa tchire pansi pa nthambo zikuluzikulu ndi zaka zambiri zosasamalira zipangizo. Izi sizikutanthauza kuti chiwembu kulibe. Pa 23 December 2015 anthu olowerera makompyuta a eni anathimitsadi magetsi kumadzulo kwa Ukraine, ndipo makasitomala oposa 200,000 anakhudzidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Ukraine akatswiri anafufuza n'kuonetsa mmene zinachitikira, sitepe ndi sitepe.

Chochitika chimene uthenga wa m'mafoni uja ukutchula kwambiri ndi cha pa 28 April 2025, pamene Spain ndi Portugal anathimiridwa magetsi cha m'ma 12:33 masana. Sitima zinaima panjira, mafoni anasiya kugwira, ndipo magetsi anabwereranso mokwanira m'mawa wa tsiku lotsatira, mothandizidwanso ndi nthambo zochokera ku France ndi Morocco. Maola oyambawo kunamveka zambiri. Nyuzipepala zina zinalemba kuti kampani ya REN, yoyendetsa nthambo za magetsi ku Portugal, yanena kuti chachititsa ndi chodabwitsa china cha mumlengalenga, koma kampaniyo inakana kuti sinanene zimenezo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu June 2025 boma la Spain linatulutsa lipoti lonena kuti mphamvu ya magetsi m'nthambo inakwera mopitirira muyezo popanda zokwanira zoiwongolera, malo opangira magetsi n'kuyamba kudzichotsa motsatizana, ndipo silinapeze umboni woti makompyuta analoweredwa. Lipotilo linapeza zolakwa kwa Red Eléctrica, oyendetsa nthambo za dzikolo, ndi kwa makampani opanga magetsi, ndipo mbali ziwirizi zinayamba kukankhirana mlandu.

Pamenepa ndi pamene ndikugwirizana ndi inu okayikira. Wofotokoza ngozi kawirikawiri ndi yemwenso angalipitsidwe chifukwa cha ngoziyo, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mkhristu sanaitanidwe kumeza chilichonse chochokera kwa wamkulu. Miyambo 18:17 imatiuza kuti woyamba kunena mlandu wake amaoneka wolungama, kufikira mnzake atabwera n'kumufunsa mafunso. Aneneri sanaope kufunsa mafumu. Choncho funsani. Funsani ngati kafukufuku wachitidwa ndi anthu oima paokha kapena ndi eni mlandu. Funsani ngati lipoti lonse laperekedwa poyera, ndi nthawi yake ya chochitika chilichonse, kuti akatswiri ena alione. Funsaninso ngati zimene analonjeza kukonza zakonzedwadi, chifukwa funso limeneli ndi limene timaiwala magetsi akangoyaka.

Koma m'chaputala chomwecho cha Miyambo, vesi 13, muli chenjezo kwa amene amayankha asanamvetse. Ndipo Eksodo 23:1 amatiletsa kufalitsa mbiri yabodza. Lamulo limeneli silinathe mphamvu chifukwa choti lero mbiri imayenda ndi chala pa foni. Ukatumiza uthenga wonena kuti anthu akutiakuti anathimitsa magetsi dala, wakhala mboni pa mlandu umene sunauone. Kukayikira mawu a nduna ndi chinthu china, kuika m'malo mwake nkhani ya munthu wosadziwika amene alibe umboni ndi chinanso. Ndimadabwa kuti timapeta kwambiri mawu a boma, koma uthenga wopanda dzina timaulandira ndi manja awiri. Muyezo ukhale umodzi. Kafukufuku weniweni amatenga miyezi, monga taonera, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali mawu enanso amene ndinawamva tsiku lija, oti mdima wotere ndi chilango cha Mulungu pa maiko amenewo. Chonde, tisamalankhule choncho. Ambuye Yesu atanena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, pa Luka 13, anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa ena. Amene amavutika kwambiri magetsi akathima si olamulira. Ndi wodwala amene amapuma ndi makina, khanda losakwana masiku, nkhalamba yotsekeredwa m'nyumba yosanja, mayi amene mankhwala ake amafuna kuzizira. Mu July 2012 ku India, kumene anthu oposa 600 miliyoni anakhudzidwa, anthu ogwira ntchito m'migodi anatsekeredwa pansi kwa maola angapo chifukwa zikepe zowatulutsa zinaima. Amenewa ndi oti tiwapempherere, osati kuwaweruza.

Ndapempha akulu ampingo ndi madikoni kuti alembe maina a abale athu amene moyo wawo umadalira magetsi chifukwa cha matenda, kuti tsiku lotere likatifikira tidziwe khomo loyamba kugogoda. Ngati muli ndi wotere pakhomo panu, onanani nawo Lamulungu likubwerali. Kwa abale awiri aja, ndikudikirani ku ofesi mkati mwa sabatayi, mubwere limodzi.

Ambuye akusungeni ndi kukudalitsani.

Ine mtumiki mnzanu,
Mbusa wanu