Namasamba alibe ululu, tileke kumupha

A Mkonzi,

Mvula ikangoyamba kuno ku Chipata, m'tinjira ta ku Kapata ndi ku Mchini, komanso m'madimba a m'mbali mwa Lunkhwakwa ndi Lutembwe, mumayamba kupezeka tinjoka tobiriwira totswanyidwa mitu. Tambiri mwa ito ndi anamasamba, njoka zopanda ululu ngakhale pang'ono. Tipatseniko malo tiwalankhulire.

Amene amafika pakhomo kawirikawiri ndi wa madontho, uja akatswiri amamutcha Philothamnus semivariegatus. Amatalika masentimita 60 mpaka 90, wamkulu kwambiri amangopitirira mita imodzi pang'ono, koma thupi lake ndi ngati chala basi. Kuchokera kumutu kufika pakati ndi wobiriwira wa timadontho takuda, ndipo ambiri kumchira amaoneka ngati mkuwa. Diso lake lili ndi mkombero wagolide, lilime ndi labuluu. Mamba a kumimba ali ndi kamzere kotukuka mbali zonse ziwiri, ndipo timizere timeneti ndi timene timakola khungwa la mtengo kapena njerwa zosapaka pulasitala. N'chifukwa chake mumamuona akukwera khoma chilili mpaka kukafika pansi pa malata.

Chomwe chimamuphetsa ndi liwiro lake. Anthu amati amathamangitsa munthu. Ayi ndithu. Akadzidzimuka amalunjika pamtengo kapena pachitsamba chimene chili pafupi, ndiye ngati inu mwaima pakati pa iye ndi mtengowo amadutsa pamapazi panu. Patukani, muona akupitirira osacheuka.

M'nyumba amalondola chakudya. Getsi la pakhonde limaitana tizilombo usiku, tizilomboto timaitana analimata, ndipo namasamba, amene amasaka masana ndi maso, amakawafukula analimatawo m'ming'alu ya pakati pa khoma ndi denga momwe amabisala. Amadyanso achule a m'mitengo, abuluzi ndi abilimankhwe aang'ono. Nkhuku kapena mazira ake sakhudza. Wamkazi amaikira mazira 3 mpaka 12 nyengo ya dzinja, ndipo ana amaswa ali otalika pafupifupi masentimita 25.

Tisanamizane, mantha a anthu ali ndi pochokera. Kuno kuli boomslang, imene yamphongo yake imakhalanso yobiriwira ndipo imakhala m'mitengo yomweyo ya mango. Imeneyo imapha. Kusiyana kwake n'kotere: boomslang yaikulu imafika mita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndi yonenepa, mutu wake ndi waufupi wobulungira ngati dzira, maso ndi aakulu kwambiri poyerekeza ndi mutuwo, ndipo mamba a kumsana ndi okhakhala. Namasamba ndi wowonda, wa mutu wautali wopyapyala, khungu losalala lonyezimira. Musadalire kufufuma kwa khosi, pakuti zonse ziwiri zimatero zikapanikizidwa. Ndipo ngati kuti muone bwino mpaka muyandikire, lekani. Nkhuli ya kutsimikiza ndi imene imalumitsa.

Njoka yobiriwira ikalowa m'nyumba, tulutsani ana ndi agalu, tsekani zitseko za kuzipinda, tsegulani cha panja ndi mazenera, muime patali mamita atatu. Nthawi zambiri imatuluka yokha. Ikakakamira pangodya, ikankheni pang'onopang'ono ndi tsache la mpini wautali kulozera kukhomo, osaigwira ndi dzanja. Kuthira palafini kapena oyilo wakutha sikuthandiza. Kumangoithawitsira kudenga kapena kuseri kwa kabati komwe simungaifikire. Chothandiza ndi kumata mpata wa pakati pa khoma ndi malata, ndi kudula nthambi zokhudza denga.

Namasamba ukamugwira amaluma, koma amangosiya timikwingwirima totuluka magazi pang'ono, tofunika sopo ndi madzi. Vuto ndi lakuti boomslang nayo poyamba siipweteka kwenikweni. Ululu wake umaletsa magazi kuundana, ndipo pangapite maola ambiri, ngakhale tsiku lathunthu, munthu asanayambe kukha magazi m'nkhama ndi m'mphuno. Karl Schmidt, katswiri wa njoka wa ku Chicago, anamwalira mu 1957 patangopita tsiku limodzi atalumidwa ndi boomslang yaing'ono imene anaiderera. Choncho wolumidwa ndi njoka yobiriwira, ngati palibe wotsimikiza kuti ndi namasamba, apite tsiku lomwelo ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena kuchipatala chapafupi, ngakhale akumva bwino. Osamanga ndi mphira, osayamwa bala, makamaka osatema mphini, chifukwa pa magazi osaundana mphini iliyonse imasanduka potulukira magazi. Ngati njokayo ikuonekabe, ijambuleni pafoni muli patali mukaonetse adokotala, popeza mankhwala a boomslang ndi apadera, osiyana ndi aja ophatikiza a mphiri ndi njoka zina.

Owerenga anu,
Chipata